ZA ANA ATHU: Nyanga, Wailesi ndi Intaneti



Mwezi uno tifuna kulankhula nanu za mlendo amene walowa m'nyumba zathu wosaodira. Mlendoyo ndiye foni ya m'manja, pamodzi ndi intaneti imene iyenda nayo. Makolo ambiri adandaula, nati: "Mwana wathu ali m'nyumba, koma mtima wache uli kwina. Tikamuitana samva, tikamtuma achedwa, ndipo usiku kuwala kwa foni sikuzima m'bulangete mwache." Atsogoleri a magulu nao afunsa kuti: "Kodi chinthu ichi tichiletse pa misonkhano yathu, kapena tichilandire?"

Funso ili si lachabe, pakuti likhudza moyo wa ana athu. Koma safunsa anadya phula. Chifukwa chache, tisanayankhe, tiyeni tione momwe anachitira ena amene anakomana ndi funso lomweli ife tisanakomane nalo. Tinena za Masikauti, gulu lija la anyamata ndi atsikana obvala mpango m'khosi, limene lero liri ndi anthu oposa mamiliyoni 50 pa dziko lonse lapansi. Iwo akhala akusonkhanitsa ana ndi makina olankhulira kutali kuyambira chaka cha 1958, ndipo mbiri yao itiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: makina adziwa kuitana ana, koma sadziwa kuwalera. Pomwe pali makina payenera kukhalanso munthu wamkulu.

NYANGA YA PA CHILUMBA

M'mwezi wa August 1907, Robert Baden-Powell, mkulu wa asilikali wa ku England, anatenga anyamata 20 napita nao pa chilumba chaching'ono cha Brownsea, kumwera kwa dzikolo. Ena anali ana a anthu olemera, ena ana a anthu anchito wamba. Anawagawa m'timagulu tinai, kagulu kali konse ndi dzina la nyama kapena la mbalame, ndiponso ndi mtsogoleri wache wochokera mwa anyamata omwewo. Anakhala kumeneko sabata imodzi, akugona m'mahema, akuphunzira kumanga mfundo za zingwe, kutsata mapazi, kuthandiza wobvulala ndi kupulumutsa womira m'madzi. Madzulo ankaotha moto pamodzi, mkuluyo nawasimbira nkhani.

M'mawa uli wonse Baden-Powell ankawadzutsa poliza nyanga ya ngoma, nyama ija ya m'thengo ya nyanga zopotana. Nyangayo anabwera nayo m'chaka cha 1896 kuchokera ku dziko la Amatebele, kumene lero ndi ku Zimbabwe, pakuti eni dzikolo ankaitanirana ndi nyanga zotere pa mtunda wautali.

Tsono taonani bwino apa. Nyanga ija sinaphunzitse mnyamata ndi mmodzi yemwe kumanga mfundo, kapena kunena zoona, kapena kuchitira mnzache chifundo. Nchito yache inali imodzi yokha, ndiyo kuitana. Anyamata akamva kulira kwache ankatuluka m'mahema, napeza munthu wamkulu akuwadikira ndi nchito ya tsikulo. Nyanga ikadalira popanda wamkuluyo, anyamata akadatuluka, nayang'anana, nabwerera kukagona.

Chaka chotsatira, 1908, Baden-Powell anasindikiza buku lache lotchedwa Scouting for Boys, ndipo gululo linafalikira msanga m'maiko ambiri. M'chaka cha 1920 Masikauti ngati 8,000 ochokera m'maiko 34 anasonkhana ku London. Msonkhano waukulu wotere autcha Jamboree. Koma panali bvuto limene ife tonse tilidziwa: ulendo wa kutali ufuna ndalama. Pa mnyamata mmodzi wopita ku Jamboree, ochuluka ndithu ankatsala kwao, akungomva mbiri.

MSONKHANO WA PA WAILESI

M'mwezi wa August 1957, gululi litakwanitsa zaka 50, Masikauti oposa 30,000 ochokera m'maiko oposa 80 anamanga misasa ku Sutton Park, pafupi ndi mzinda wa Birmingham. Pakati pa misasayo panaimikidwa nyumba ya wailesi. Sinali wailesi yongomvera, monga zimene tiri nazo m'makomo mwathu, iai. Inali wailesi yolankhulira. M'maiko ambiri muli anthu amene aphunzira za magetsi ndi mafunde a wailesi chifukwa chongozikonda, nalemba mayeso, nalandira chilolezo cha boma chakuti akhale ndi makina otumizira mau kutali. Ali yense wa iwo ali ndi chizindikiro chache cha malembo ndi manambala chimene adziwika nacho.

Atsogoleri a Masikauti odziwa nchito imeneyi, atakomana pa msonkhanowo, sanafune kuti chibwenzi chao chithe tsiku lopasula misasa. Mmodzi wa iwo, Les Mitchell wa ku England, anaganiza kuti apangane tsiku lofunana pa wailesi ali kwao, ndiponso kuti aitane anyamata adzakhale nao pa makinawo. Chotero m'mwezi wa May 1958 kunachitika msonkhano woyamba wa pa wailesi, umene anautcha Jamboree on the Air. Pambuyo pache unakhazikika pa mapeto a sabata yachitatu ya October, ndipo uchitika chaka ndi chaka kufikira lero. Mwana amene makolo ache sakadatha kumlipirira sitima kapena ndege anatha tsopano kumva mau a mnzache wa kutsidya la nyanja, naye namuyankha.

Mwina mufunsa kuti mau afika bwanji kutali chotero popanda waya. Mafunde ena a wailesi akwera kumwamba, nagunda mpweya wa kutali m'mwamba umene dzuwa laupatsa mphamvu ya magetsi, nabwerera pansi pa mtunda wautali, monga mau a munthu abwerera akagunda phiri. Mpweyawo usinthasintha usana ndi usiku, kotero kuti woitana sadziwiratu amene adzamuyankha.

Tamvani momwe tsikulo liyendera. Anyamata afika m'mawa, nathandiza kuimika mlongoti ndi kukoka zingwe zache, ndipo mfundo zija anaphunzira zipeza nchito. Atatero akhala mozungulira wailesi imodzi, mwini wache wa chilolezo ali pakati pao. Iye aitana ndi mau odziwika akuti "CQ Jamboree", ndiko kunena kuti ali yense wakumva ayankhe. Onse akhala chete, akumvetsera phokoso longa la mvula pa malata. Mwina padutsa nthawi yaitali osamveka munthu. Mau akamveka, mwana mmodzi apatsidwa cholankhulira, natchula dzina lache pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi: A ndiye Alfa, B ndiye Bravo, C ndiye Charlie. Ena aphunzira zizindikiro za Morse, zija za kulira kwakufupi ndi kwakutali. Pa wailesi yotere awiri salankhula nthawi imodzi. Wina akalankhula mnzache adikira. Ndipo pambuyo pache mbali ziwirizo zitumizirana kakhadi kochitira umboni kuti zinamvana.

Onani zimene mwana atola pa tsiku limodzi lotere: kudekha, kumvetsera, kulankhula momveka, kupatsana mpata ndi anzache, ndi kulemekeza mlendo amene samuona nkhope. Koma chachikulu ndi ichi: lamulo lenileni la boma silinalole mwana kugwira makinawo payekha. Wailesi inali imodzi, ana ambiri, ndipo wamkulu anali pomwepo, akumva mau onse olowa ndi otuluka. Makina ndi wamkulu anabwera pamodzi, osalekanitsika.

INTANETI ILOWA PA MSASA

M'chaka cha 1995 Masikauti achikulirepo a ku Queanbeyan, pafupi ndi Canberra m'dziko la Australia, analumikizana ndi anzao a ku Putten m'dziko la Netherlands, polemberana mau pa kompyuta. Wina akalemba kuno, mauwo ankaoneka kutsidyako nthawi yomweyo. Akuluakulu oyang'anira Masikauti pa dziko lonse akadatha kunena kuti chinthu chachilendochi chiribe malo pakati pa anthu a mahema ndi nkhuni. Sanatero. M'chaka cha 1996 anachibvomereza, nachiphatikiza ndi msonkhano wa pa wailesi uja. Lero misonkhano iwiriyo ndi umodzi, dzina lache JOTA-JOTI, uyamba Lachisanu nutha Lamulungu, ndipo ana ndi atsogoleri oposa miliyoni imodzi alowamo chaka ndi chaka.

Koma akuluakuluwo anaona kuti intaneti isiyana ndi wailesi pa chinthu chimodzi choopsa. Pa intaneti mwana safuna chilolezo, safuna mlongoti, safuna wamkulu pambali pache. Ndiponso wolemba mau saoneka: munthu wa zaka 40 akhoza kudzitcha mtsikana wa zaka 13, palibe womtsutsa. Chimene wailesi inkakakamiza, ndicho kukhalapo kwa wamkulu, pa intaneti chinafunika kuikidwa dala.

Ndipo anachiika. Pali gulu la anthu odzipereka, osalandira malipiro, lotchedwa ScoutLink, limene lisunga zipinda zochezeramo Masikauti pa intaneti. M'zipindamo mukhala alonda owerenga zimene zirembedwa, odzudzula wotukwana, ndi otulutsa wosamva. Ana alangizidwa kuti asatchule dzina lao lonse, kapena nambala ya foni, kapena malo enieni kumene akhala. Atsogoleri alembetsa magulu ao, ndipo gulu lipatsidwa chizindikiro chache chimene ana asinthana ndi magulu ena, napikisana kuti aone amene wasonkhanitsa zizindikiro za maiko ambiri. Ena alankhulana moonana nkhope pa kanema, naonetsana mipango yao, zakudya za kwao ndi magule ao.

Phindu la kukonzekera kumeneku linaoneka m'chaka cha 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseketsa masukulu ndi kuletsa misonkhano m'maiko ambiri. Kuyambira pa 3 kufikira pa 5 April chaka chimenecho Masikauti anachita msonkhano wapadera wa pa intaneti, kuti ana otsekeredwa m'nyumba asakhale okhaokha ndi mantha ao. Anatha kuchita ichi msanga chifukwa njira inali yolambulidwa kale, alonda anali odziwa nchito yao, ndipo malamulo anali odziwika. Mliri utachepa, anabwerera ku mahema ndi ku moto wa madzulo, pakuti intaneti sinabwere kudzalanda malo a msasa, koma kudzafikira amene msasa sunawafikire.

MPHALA YOPANDA WAMKULU

Makolo athu sanawerenge buku la Baden-Powell, koma nzeru iyi anali nayo. Anyamata a m'mudzi anali ndi mphala yao, atsikana ndi kuka kwao. Kumeneko ankaseka, ankaponyerana ndagi, ankauzana zimene sakadanena pamaso pa atate ao. Palibe amene anaganiza zogwetsa mphala chifukwa anyamata alankhulamo zachibwana. Koma mphala inali m'mudzi, akulu ankadziwa ogonamo, agogo ankafikako ndi nthano ndi chidzudzulo, ndipo mlendo sakadalowamo usiku osadziwika.

Lero ana athu amanga mphala yatsopano m'foni. Acheza pa WhatsApp, pa Facebook, pa TikTok ndi m'masewera a pa intaneti. Kufuna kwao kucheza ndi anzao si tchimo. Ndi kufuna komwe kuja kunali mwa ife tiri ana. Choipa ndi chakuti mphala iyi iribe chitseko, ndipo akulu ambiri sadziwa njira yopitira kumeneko. M'menemo mulowa achinyengo a maina opeka, onyengerera ana ndi timphatso ndi mau okoma. Mulowa oitanira ana ku juga, kuwalonjeza chuma cha msanga. Muli kunyozana kumene sikutha pa chipata cha sukulu, koma kutsata mwana mpaka pa mphasa yache. Muli zithunzi zimene zikatumizidwa kamodzi sizibwezeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga tichite chiani? Ena ati tingoletsa. Ndi zoona kuti mwana wamng'ono sayenera kupatsidwa foni ya intaneti, ndiponso kuti pali nthawi ndi malo pamene foni iyenera kuzimitsidwa. Koma kuletsa kokha sikukwanira kwa mnyamata wa zaka 15. Inu mukamlanda foni adzabwereka ya mnzache, ndipo kusiyana kwache kudzakhala kwakuti tsopano adzabisa. Tsiku limene adzagwa m'bvuto sadzabwera kwa inu, poopa kuti mudzadziwa kuti anaswa lamulo.

Anthu a ku Finland, dziko la kumpoto kwa Ulaya, anayesa njira yofanana ndi ya Masikauti. Kumeneko ana ambiri ankasonkhana m'masewera a pa intaneti otchedwa Habbo, m'mene munthu ali yense aoneka ngati kachidole koyenda m'zipinda za hotela. M'chaka cha 2004 anchito osamala achinyamata a mzinda wa Helsinki ndi mizinda yoyandikana nayo anatsegula chipinda chao m'masewera omwewo, nachitcha Netari. Sanadzibise ngati ana anzao. Anadziwika poyera kuti ndi akulu a nchito imeneyi. Ana ankalowamo kudzasewera ndi kucheza, ndipo wosautsika mtima ankapeza wamkulu womumvera. Akuluwo sanadikire kuti ana abwere kumene iwo ali. Anapita kumene ana anali kale.

NANGA IFE OPANDA ZAMBIRI?

Wina adzati: "Izi ndi za maiko olemera. Kwathu kuno kompyuta kulibe, bandulo ndi yodula, netiweki ibvuta, ndipo kutchaja foni tiripira pa sitolo." Mau awa ndi oona. Komatu kumbukirani kuti msonkhano wa 1958 unayamba ndi wailesi imodzi pakati pa ana ambiri, ndipo mphamvu yache inali pomwepo. Foni imodzi ya mtsogoleri, ana khumi ataizungulira pansi pa mtengo, ichita nchito yoposa mafoni khumi m'manja mwa ana khumi okhala payekhapayekha. Pa foni imodzi ana aphunzira kudikirana, kupangana chofunsa, ndi kukambirana zimene amva.

Ndiponso si nchito zonse zifuna intaneti. M'chaka cha 2011 bungwe la UNICEF linayambitsa ku Uganda njira yotchedwa U-Report, ndipo Masikauti a kumeneko anali pakati pa oyamba kulowamo. Achinyamata alandira funso pa uthenga wamba wa pa foni, nayankha osalipira, ndipo mayankho a onse aphatikizidwa kuti oyendetsa zinthu amve maganizo ao pa za umoyo, za sukulu ndi zina. Njira imeneyi inafika ku Malawi m'chaka cha 2018. Foni yaing'ono ya mabatani ikwanira.

Gulu liri lonse likhoza kupeza nchito zoyenera malo ache. Ana akhoza kupita kwa agogo a m'mudzi, napempha chilolezo mwaulemu, najambula nthano ndi miyambi yao, kuti zisapite nao kumanda. Akhoza kujambula mitengo ya m'dera lao, nalemba maina ache ndi nchito zache. Akhoza kuyendera zitsime ndi mijigo, nalemba yogwira nchito ndi yowonongeka, nakapereka kwa mfumu ndi akomiti. Akhoza kupangana tsiku lolankhula ndi gulu la ana a boma lina, nakonzeratu nyimbo ndi mafunso. Onani kuti m'nchito zonsezi foni itulutsa mwana m'nyumba, nimtuma kwa anthu. Ichi ndicho choyesera chabwino: nchito ya pa foni imene ithera pa foni pomwepo ndi yokayikitsa, imene ibala ulendo, kapena thukuta, kapena kucheza kwa pamaso, ndiyo yabwino.

MALANGIZO KWA ATSOGOLERI NDI MAKOLO

Kuchokera m'zonsezi titolapo malangizo asanu ndi atatu.

1. Yambani ndi nchito, makina abwere pambuyo. Musafunse kuti, "Tiri ndi foni, tichite nayo chiani?" Funsani kuti, "Tifuna ana aphunzire chiani?" Ngati foni ithandiza, itengeni, ngati sithandiza, ikhale m'thumba.

2. Wamkulu asalemberane ndi mwana awiriwiri. Masikauti a ku United States ali ndi lamulo lakuti pa uthenga uli wonse wa pakati pa mtsogoleri ndi mwana pakhale wamkulu wina, kapena kholo, woona zolembedwazo. Lamulo ili liteteza mwana kwa woipa, ndipo liteteza mtsogoleri wabwino ku mabodza. Pa gulu la WhatsApp la ana pakhale akulu awiri kapena atatu, ndipo ngati muli atsikana, mmodzi wa akuluwo akhale mai.

3. Makolo adziwe ndi kubvomera. Mwana asalowetsedwe pa gulu la pa foni makolo ache osauzidwa. Inu makolo, dziwani nkhope ndi khalidwe la mtsogoleri, monga mudziwa mphunzitsi wa mwana wanu.

4. Phunzitsani ana kusunga zao. Dzina lonse, nambala, sukulu ndi njira ya kunyumba si zopatsa munthu amene angomdziwira pa foni. Chithunzi cha mwana chisaikidwe poyera popanda chilolezo chache ndi cha makolo ache. Akulu anati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa intaneti mlomo ukhoza kutsata munthu zaka zambiri, mpaka tsiku lofunsira nchito kapena ukwati.

5. Ikani nthawi yoyamba ndi yotsiriza. Msonkhano wa Masikauti wa pa intaneti uli ndi tsiku lotsegula ndi tsiku lotseka. Gulu lanu nalo likhale ndi ola limene mauthenga aleka madzulo, kuti ana agone. Ndi bwino kuti usiku mafoni a m'banja agone pa malo amodzi, ya atate ndi ya amai pomwepo, pakuti mwana atsata zimene aona koposa zimene amva.

6. Musasiye m'mbuyo wopanda foni. Ngati uthenga wa msonkhano upita pa WhatsApp pokha, mwana wa m'banja losauka adzamva zonse zitatha, ndipo pang'ono ndi pang'ono adzaleka kubwera. Uthenga uli wonse unenedwenso pakamwa, kapena wokhala ndi foni apatsidwe udindo wokauza anzache awiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

7. Musachite manyazi kuphunzira kwa ana. Iwo adziwa mabatani koposa inu. Inu mudziwa anthu koposa iwo. Mwana amene waphunzitsa atate ache kutumiza chithunzi adzamvera mosabvuta pamene atatewo amuuza chithunzi chosayenera kutumiza. Mtsogoleri wanzeru apatsa anyamata ndi atsikana achikulirepo udindo wosunga foni ya gulu ndi kuthandiza aang'ono, monga Baden-Powell anaika mnyamata kutsogolera kagulu kache.

8. Mwana akabwera kudzaulula choipa chimene chamgwera pa foni, ndodo isayambe. Yambani mwamthokoza kuti wanena. Musafafanize mauthengawo, pakuti ndiwo umboni. Ngati wamkulu wina akumnyengerera kapena kumuopseza, nkhaniyo si yobisa m'nyumba poopa manyazi. Ipite kwa apolisi ndi kwa oteteza ana. Chilango, ngati chifunika, chibwere pambuyo, mtima utazizira.

MAU OTSIRIZA

Baden-Powell anamwalira ku Nyeri, m'dziko la Kenya, m'mwezi wa January 1941, asanaone msonkhano wa pa wailesi kapena kumva dzina la intaneti. Makina asintha kangapo kuyambira masiku ache, ndipo adzasinthanso ana athu asanakalambe. Amene lero atidabwitsa, mawa adzakhala m'dzala. Koma mwana sasintha: afuna anzache, afuna nchito yomuyesa mphamvu, ndipo afuna wamkulu amene amdziwa dzina lache namfunira zabwino.

Chotero tikupemphani chinthu chimodzi chochita mwezi uno. Sankhani madzulo amodzi, nsima itadyedwa, mukhale pansi ndi mwana wanu, osati monga woweruza mlandu, koma monga mlendo wofuna kuonetsedwa mudzi. Mumuuze kuti akuonetseni kumene acheza, amene acheza nao, ndi chimene chimkondweretsa kumeneko. Mumvetsere koposa kulankhula. Inunso atsogoleri, pa msonkhano wanu wotsatira werengani malangizo awa pamodzi ndi ana, ndipo muwalole aonjezepo ao, pakuti lamulo limene mwana wathandiza kupanga alisunga bwino.

M'mera mpoyamba. Tsalani bwino, abale, ndi mabanja anu. Tidzachezanso mwezi wa mawa.